Wotchi Pamwamba pa Chithunzi

Ndinasiya kutaipa kalekale, zala zinapindika ndi nyamakazi, koma kutulo ndimapitabe ku ntchito. Ndimalota ndikuchokera ku Mchengautuwa m'mawa, chifunga chitakuta tauni yonse, n'kulowa mu ofesi ya kampani ya malole ija. Onse ndimawapeza pamalo pawo. Bwana ali m'kachipinda kake. Mnzanga wa pa lamya akukukuta chimanga chokazinga. Kalaliki wamkulu, bambo wa ku Nkhata Bay wosavula tayi ngakhale Loweruka, waima pampando, hamala ili m'manja, ndipo wogwira mpandowo ndine. M'malotomo ndimaukoka dala, iye n'kugwa chagada, ine n'kudzuka ndikuseka. Mulungu andikhululukire kapena asandikhululukire, zake zimenezo, koma ndimaseka.

Ana a lero sazidziwa izi. Nthawi ya chipani chimodzi, ofesi iliyonse ndi sitolo iliyonse inkapachika chithunzi cha mtsogoleri wa dziko pakhoma, ndipo panalibe kanthu kololedwa kukhala pamwamba pake, kaya kalendala, kaya wotchi, kaya mtanda umene. Lamuloli tonse tinkalidziwa ngati dzina lathu.

Chaka chimenecho bwana analamula kuti ofesi ipentedwe, ndipo openta anazula misomali yonse. Utoto utauma, kalaliki wamkulu anati kubwezera chithunzi si ntchito ya mesenjala, ndi ya munthu wopita kusukulu ngati iye. Anakwera pampando n'kundiuza kuti, "Mama, gwirani apa." Ndinagwira. Anakhoma chithunzi, kenako wotchi chapambali pake, n'kuikweza pang'ono kuti madalaivala aziionera pawindo ali pabwalo, asamanamizire kuti sadziwa nthawi. Atatsika anadzisasa fumbi n'kundithokoza kuti, "Yewo chomene." Palibe anaona cholakwika. Wotchi inapitirira chithunzi ndi zala ziwiri zokha.

Amene anaona ndi anyamata a malaya ofiira, aja ankayendera maofesi m'dzina la chipani. Mmodzi anathyola kamtengo panja, nayeza kuchokera kudenga, mbali iyi ndi mbali iyo.

"Wapachika ndani ichi?" anafunsa. "Ndani akuti wotchi ndi yaikulu kuposa mwini dziko?"

Bwana ankayang'ana nsapato zake. Kalaliki sanatsegule pakamwa, ayi ndithu, paja munthu wa tchalitchi sanama. Anangosongola mlomo n'kuloza nawo kwa ine. Mlomo basi! Ndinacheukira mnzanga wa pa lamya, munthu amene tinkadyera naye chinangwa m'mbale imodzi, amene anaona zonse ndi maso ake. Iye ananyamula lamya yomwe sinalire n'komwe, n'kunena kuti, "Halo?"

Ndinali ndi mwana wa kubere, wamkazi, wongoyamba kukwawa. Ndinkamusiya kwa mkulu wanga, masana n'kuthamangira kukamuyamwitsa. Tsiku limenelo anadikira mpaka kutopa. Za komwe anyamata aja ananditengera sindilemba. Ndingoti mkaka unkanyowetsa bulauzi yanga mpaka unaphwa wokha, mvula inabwera n'kupita, n'kubweranso. Mlandu sunazengedwe. Tsiku lina anangotsegula chitseko n'kuti, "Zipitani, mukasamale."

Ndinapeza bambo wake wa mwana atakwatira kwina, poopa kutchedwa mwamuna wa woukira. Amene uja sindimulota, ndi wosakwana ngakhale m'maloto. Mwana ndinamupeza akuyenda, akuyankhula. Nditatambasula manja anathawira kuseri kwa chitenje cha mkulu wanga akufuula kuti, "Amama, amama, munthu uyu!"

Mkulu wanga anayesetsa kumuuza kuti mayi ake ndine, sindingamunene. Koma mwana anakulira m'nyumba yomweyo, chifukwa ine wochokera kundende panalibe wondilemba ntchito, ndinkangokazinga mandasi pamsika ndi kugona m'kachipinda ka lendi ku Ching'ambo. Lero mwana uja ndi mayi wa ana akeake. Amandilemekeza, amandigulira shuga ndi sopo, ndipo amadziwa bwino lomwe amene anamubereka. Koma akamandiitana amati "anti". Anayesapo kamodzi kunena kuti "amama", koma tonse awiri tinachita manyazi.

Nanga anzanga a ku ntchito? Kalaliki anakwezedwa, anamanga nyumba yabwino ku Chiputula, anakhala mkulu wa mpingo. Tikakumana pamsika ankatembenuka msanga n'kuyamba kufunsa mtengo wa usipa. Mnzanga wa pa lamya anamwalira. Ku maliro ake sindinapiteko. Ndinachapa zovala tsiku limenelo, n'kuziyanika poonekera kuti odutsa adziwe kuti ndilipo ndipo sindikudwala. Nayenso ndimamulota, lamya itamumatirira kukhutu, akungoti halo, halo, wopanda womuyankha. Ine ndimangopitiriza kutaipa.

Mwezi wathawu, masana, ndikusankha nyemba pakhonde, panaima galimoto pamsewu. Anatsitsamo nkhalamba yowonda, yoyenda ndi ndodo, tayi ili m'khosi. Nkhope inali itatha, koma mlomo ndinauzindikira.

"Monire, mama," anatero.

Anagwada movutikira padothi, pafupi ndi lichero langa.

"Mama, kuchipatala andibweza, akuti palibenso chochita. Ndabwera kuti mundikhululukire. Ine sindigona. Ndikangotseka maso ndimapezeka ndaima pampando uja, inu mwaugwira, mukundiyang'ana. Ndimafuna kutsika koma mwendo sufika pansi."

Aa! Kani? Zaka zonsezi ndinkayesa kuti ku ofesi ija ndimapitako ndekha, osadziwa kuti nayenso amafika, sajomba. Mumtima munazizira bwino ngati ndamwa madzi a mumtsuko. Ndikunena poyera, ndinakondwa.

Mwana wanga anali atabwera kudzandiona tsikulo. Anatuluka m'nyumba, ndipo ataona munthu wachikulire atagwada padothi anadzidzimuka.

"Anti, ndiwatengere mpando agogowa?"

"Mwamva, bambo?" ndinafunsa nkhalamba ija. "Mwamva mmene akundiitanira? Uyu ndi mwana uja ndinkathamangira masana kukamuyamwitsa. Mubwezereni pamsinkhu wokwawa, ndimunyamule, aphunzire kuyankhula ali pamsana panga. Mukatero ndikukhululukirani pompano, ngakhale tiyi ndikuphikirani."

Anayamba kulira, mlomo uja ukunjenjemera. Mwana wanga anaimabe pakhomo, akudikira yankho.

"Mpando ayi," ndinamuuza. "Awa mpando ndinawagwirira kale."

Ndinakokera lichero pamiyendo n'kuyambiranso kusankha nyemba zanga.

"Zipitani, bambo. Tikumana ku ntchito. Ndipo musachedwe, paja wotchi munaikhoma nokha."