Usipa Pachitseko, Singano pa Pilo

Ndatha zaka zambiri ndikuphunzitsa ku yunivesite za mmene ubongo umasungira mawu ndi zinthu, koma kwa apongozi anga ku Maganga ntchito imeneyi sinkamveka. Apongozi aakazi anafunsapo mkazi wanga ngati munthu wandevu angadzukedi m'mawa, kumanga tayi, n'kupita kukauza ana a eni kuti asamaiwale. Zinandiwawa, sindinama.

Tsiku lina tili kumudziko apongozi aakaziwo anandituma kumsika ku Salima. Poti mkamwini sayang'anizana ndi apongozi aakazi, iwo anakhala kuseri kwa nkhokwe n'kumatchulira mwana wawo, ine ndikumvera chapatali: usipa, mchere, sopo, machesi, anyezi, singano, ulusi wakuda ndi zina zambiri. Mkazi wanga anandipatsa cholembera, ine ndinakana kwamtuwagalu. Ndinati lero aona kuti ntchito yanga si chibwana.

Pali njira ina yomwe ndimaphunzitsa. Chinthu chilichonse umachiika m'maganizo pamalo ena m'nyumba mwako, ndipo pokumbukira umangoyenda m'nyumbamo n'kumatola. Usipa ndinaupachika pachitseko, mchere ndinauthira pa sofa, singano ndinaibaya pa pilo. Ndinabwereka njinga ya apongozi aamuna n'kuyamba kupalasa ndikumwetulira ndekha.

Kumsika njinga ndinaitsamiritsa pamtengo, n'kugula zonse osaphonya ngakhale chimodzi. Potuluka ndinali ndidakayendabe m'nyumba ya m'mutu ija, kusuzumira m'chipinda chilichonse kuti mwina mwatsala kanthu. Bambo wina wa kabaza anaima patsogolo panga, ine n'kukwera monga ndimachitira m'tauni.

Nditafika, mkazi wanga anayala katundu pamphasa. Apongozi aakazi anagwira chimodzichimodzi n'kuvomera ndi mutu, ndipo mtima wanga unadzaza ndi chimwemwe. Ndiye apongozi aamuna anatsokomola pang'ono.

"Zonse zafika bwino, akamwini. Kaya njinga ikubwera pambuyo?"

Ndinabwerera thukuta lili kamukamu. Ndinaipeza pomwepo, mayi wogulitsa tomato akuiyang'anira. Anati anandiona ndikukwera kabaza, koma sanandiitane chifukwa anaganiza kuti mwina anthu ophunzira amachita choncho.

Mpaka lero apongozi amanditumabe, ndipo cholembera sandipatsa. Amatchula zonse bwinobwino kuseri kwa nkhokwe kuja, kenako amakweza mawu pang'ono pouza mwana wawo:

"Uwauze aphunzitsi kuti chomaliza ndi njinga."