Supachaja pa Pikapu Yathu

Amuna anga pobwera kuchokera ku Joni anatsika sitima ndi chitsulo chokulunga m'bulangete. Anati anachigula motchipa pa sikirapu, dzina lake supachaja, ndipo chimakankhira mpweya mu injini kuti galimoto ikhale ndi mphamvu. Pikapu yathu yakale ikasenza simenti inkalephera chitunda cha ku Khuyu, moti ine ndi okwera ena tinkatsika n'kumakankha.

Zomangira zake sanabwere nazo. Bulaketi anadula pa bedi lathu lakale lachitsulo, lamba anakapempha kuchigayo ku Chipyela. Masiku anayi ndinkawagwirira masipanala, nyemba zikupserera pamoto.

"Inu, nanga injiniyi ikaphulika?" ndinawafunsa tsiku loyesa.

"Khalani kutsogolo kuno muone nokha," anatero.

Galimoto inakwera chitunda chija ndi katundu yense, ikulira mokweza ngati mluzu, azimayi akupatukira kutchire ndi madengu awo. Titangofika pamwamba rediyeta inawira, nthunzi kuti fo! Amuna anga anaseka mpaka misozi.

Kuyambira pamenepo tinkayenda ndi zigubu ziwiri zamadzi. Pamwamba paja tinkaima kaye kuti injini izizire, ife tili pamthunzi tikumung'unya malambe.