Basi ya Malume Yayamba Kuima Panjira

Malume anga ndi dalaivala wa basi, munthu wosadziwa kukhala pansi. Kwa zaka makumi awiri ankadzitama kuti iwo saimitsa basi panjira kuti akataye madzi. Chinsinsi chake chinali kusamwa madzi tsiku lonse. Masana ankangodya chiwindi chootcha n'kutsitsira chakumwa cha shuga, ndipo Loweruka linali la mowa.

Tsiku lina anadzuka chala chachikulu cha phazi lopondera kilachi chitatupa, chikutentha ngati khala la moto. Ngakhale sokosi inakana kulowa.

"Imeneyi ndi gauti, nthenda yotupitsa molumikizira mafupa," anatero adokotala. "Chiwindi, mowa ndi zashugazo muchepetse. Muzimwa madzi ambiri, ndipo mankhwala musamadumphitse."

Sabata yonse malume anangokhala pakhonde, phazi lili pampando, maso ali kumsewu. Basi ikadutsa ankayang'ana wotchi n'kukalipa: "Wachedwa ameneyo! Anamuphunzitsa ndani?"

Pano amayenda ndi chibotolo cha madzi pambali pa giya. Panjira amaima kawiri n'kukuwa kuti, "Ofuna kudzithandiza, tsikani msanga!" Okwera amawatama kuti ndi dalaivala wachifundo. Koma woyamba kutsika, akuthamanga, amakhala malume.