Tinamuika Pamodzi ndi Impso ya Mlendo

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa, chifukwa ndinagona pansi m'fulati ya malemu mng'ono wanga ku Ongar, kuno kudziko la azungu. Amayi a kutchalitchi anachezera kuimba, koma motsitsa mawu poopa aneba. Kuno moto wa pamaliro sasonkha panja. Tinaphikira pa mbaula za gasi kuseri kwa nyumba, mvula yamawawa ikutinyowetsa.

Anthu anayamba kufika kutangocha, ena kuchokera ku shifiti ku Blanchardstown, yunifolomu ili m'thupi. Ndikumwa tiyi ndinamva azibambo awiri akunong'ona pamasitepe kuti malemu anamuika impso yakufa kale, ndipo mkazi wake ndiye anavomera. Ndinaponya kapu m'sinki. Bodza limeneli linali litafika kale ku Kasungu. Amayi athu anali atasiya kuyankha foni ya mpongozi wawo, ndipo dzulo lake analamula kuti asaike nkhata pamanda. Nditamuuza, mlamu wangayo anangoti, "Chabwino, alamu." Munthu amene anaperekeza mwamuna wake ku dayalisisi, kukasefedwa magazi, zaka zonsezo!

Cha m'ma leveni galimoto ya maliro inanyamuka, ife pambuyo. Mkulu wina wachizungu anaima pamphambano n'kuvula chipewa mpaka tonse titadutsa. Kumanda kunali mphepo yolasa m'makutu. Msuweni wathu ananyamula foni m'mwamba kuti amayi aziona zonse pa vidiyo.

Abusa atati wachibale afotokoze mmene matenda anayendera, ndinatuluka ine. Sindidziwa kukometsa mawu.

"Mwalankhula mokwanira pamasitepe," ndinatero. "Tsopano mverani amene analipo."

Ndinawauza monga anatiuzira dokotala. Impso ikachotsedwa mwa munthu womwalira imakhala pozizira, ndipo ikaikidwa mwa wina nthawi zina imachedwa kuyamba ntchito. Wodwala akabwereranso pa makina a dayalisisi sabata yoyamba, madokotala amati impso yachedwa kudzuka. Sanena kuti yafa. Ya mng'ono wanga anaiunika pa sikani, magazi ankayenda bwinobwino. Anatapako kanyama ndi singano kuti aone ngati thupi likuikana. Silinkaikana. Inangotupa mkati chifukwa cha ulendo, basi.

"Inadzuka," ndinatero. "Ndinaona ndi maso angawa mkodzo ukudzaza thumba, iye akuseka ngati wapata mwana. Mundikhululukire abusa, koma ndi mkodzo umenewo tinavinira m'wodi. Anakhala nayo chilimwe chonse, akumwa madzi mmene afunira. Chamupha ndi mtima. Amene ali ndi zina anene pano, osati kuseri."

Mmodzi wa azibambo aja ankayang'ana nsapato zake.

Bokosi litatsika, woitana mayina anagwira nkhata yoyamba n'kusowa woipatsa. Anayang'ana ine, ine ndinayang'ana foni. Netiweki inkadukaduka, nkhope ya amayi ili zii.

"Iwe," anatero amayi, "ukuti anakodza?"

"Anakodza, amayi."

"Nanga bwanji simunandiuze chonchi? Mumangoti opaleshoni, opaleshoni." Anapukuta m'maso ndi mpango. "Mwaimiranji? Mpatseni mwana wanga nkhatayo."

Mlamu anagwada pamatope, diresi loyera lonse kuda. Ndinamudzutsa ndine. Anthu okumba manda anadikira patali ndi kathirakitala kawo mpaka titachoka.

Madzulo nyumba inatsala yathu. Mipando yobwereka inali itapita, pakapeti pali madindo a nsapato okhaokha. Ana a malemu anagona osavula. Mlamu anakhala patebulo akulongedza mankhwala otsala m'jumbo kuti akabweze kufamase.

"Alamu," anatero osadzutsa mutu, "kodi abale a mwini impso uja akudziwa kuti lero taika wawo kachiwiri?"

Sitiwadziwa, ngakhale dzina. Ndinatsegula mpopi n'kuyamba kutsuka makapu.