Chipukutiro cha Ethel NyaLongwe

Pa anthu onse amene ndinadziwana nawo ndikuphunzitsa ku Chintheche, amene sindimuiwala ndi Ethel NyaLongwe, mayi wamasiye amene ankasesa ofesi ya mpingo wathu. Anali wamfupi, wapakamwa pakuthwa. Sukulu analekezera Sitandade 8, moyo wake unali wa chinangwa ndi tsache, ndipo fumbi ankadana nalo kuposa mmene abusa amadanira ndi Satana.

Mu 2006 abale a ku Sikotilandi anatitumizira kompyuta. Mtsikana wachizungu amene anadzailumikiza anaiikira makomo awiri. Lina linali la adimini, kapena kuti woyang'anira, lokhoma ndi pasiwedi, ndipo mmenemo munali mayina a akhristu onse ndi makalata a mpingo. Linalo linali la mlendo, losakhoma, loti aliyense alembepo nambala za nyimbo basi. Pasiwedi inaperekedwa kwa mlembi wa seshoni ya akulu ampingo, Ada Enos Mhone, bambo wovala jekete ngakhale mu Okutobala. Sabata yomweyo iwo anakakamiza seshoni kukhazikitsa lamulo loti kalata yolemba pamanja yatha ntchito. Anati zimenezo n'za nthawi ya chipani chimodzi.

NyaLongwe anali ndi mwana mmodzi, Mavis, amene anakwatiwa ku Dwangwa. Mavis anadulidwapo mumpingo chifukwa chotenga mimba ukwati usanadalitsidwe, koma analapa ndipo seshoni inamubwezera. Chinatsala ndi kalata yosamukira. Popanda kalatayo mpingo wa ku Dwangwa sukanamupatsa mgonero kapena kubatiza khanda lake.

"Ada, kalata ya mwana wanga?" NyaLongwe ankafunsa Lolemba lililonse.

"Ama, zinthu zili ndi ndondomeko. Tikuunikabe."

Anaunika miyezi khumi. Ku Dwangwa apongozi anayamba kunong'ona kuti kalata ikachedwa chonchi ndiye kuti pali tchimo lina lobisika. Mavis ankalira pa foni. Mayi ake ankapsa mtima, n'kumakolopa ofesiyo ngati akuikwapula, kwinaku akutola timapepala tofwanyafwanya timene Ada Enos ankataya tsiku ndi tsiku. Tina tinalembedwa dzina la akazi awo, tina Yohane316, tina dzina la bwato la malemu bambo awo.

Tsiku lina m'mawa magetsi anali atathima. NyaLongwe anavundukula kansalu koluka kamene anafundika kompyutayo, n'kuyamba kupukuta mabatani mwamphamvu monga mwa chizolowezi chake. Magetsi anabwerera chipukutiro chili pa mzere wapamwamba wa mabataniwo. Kompyuta inadziyatsa yokha, sikirini inada bii, panatuluka mizere yachizungu. Iye anadina batani lalikulu kuti zichoke. M'malo mochoka panaoneka khomo lachitatu limene anali asanalionepo. Analidina. Silinafunse pasiwedi, silinafunse ngakhale moni.

Katswiri wina wa ku Mzuzu anadzandiuza pambuyo pake kuti khomo lotere limasiyidwira okonza makina, ndipo ambiri amaiwala kulikhoma. Wolowera mmenemo amasanduka bwana wa zonse. Tsiku limenelo bwanayo anali ndi tsache kukhwapa.

Mkatimo anapeza makalata onse ali ndondondo. Yomaliza inalembedwa miyezi khumi yapitayo, ndipo chilembere palibe amene analowamo. Apo m'pamene timapepala tija tinamveka. Ada Enos anaiwala pasiwedi! Tsiku lililonse ankadzitsekera muofesi n'kumalota mayina, potuluka n'kumati akuunika. Kunena zoona kukanawavula jekete, choncho anasankha kuti mwana wa mnzawo azinyozedwa. Ine zimandipsetsa mtima mpaka lero.

NyaLongwe anatsegula kalata yakale, anafufuta dzina linalimo, n'kulemba la Mavis ndi chala chimodzi. Pulinta inalira. Ada Enos atafika anapeza pepala patebulo, cholembera chili pambali pake.

"Ichi n'chiyani?"

"Kalata. Seshoni inavomereza kalekale. Sainani, Ada."

Anayang'ana pepala, anayang'ana sikirini, thukuta lili kamukamu.

"Mwalowa bwanji? Uku n'kuthyola nyumba ya Mulungu!"

"Ndathyola chiyani? Chitseko chinali pululu. Kapena tiitane abusa muwauze pasiwedi, amve okha?"

Anasaina, n'kudinda chidindo. NyaLongwe anapinda kalatayo, anaiika pachifuwa, anathokoza kuti, "Yewu, Ada," n'kupita kukakwera minibasi ya ku Dwangwa asanatsirize n'kukolopa komwe. Lamlungu lotsatira khanda linabatizidwa lili ndi mano anayi, likuyenda lokha kupita kutsogolo. Mavis analandira mgonero misozi ili mbwembwembwe.

Chinsinsi cha khomo lija NyaLongwe sanauze Ada Enos. Anati munthu woiwala pasiwedi imodzi sungamusenzetse zambiri. Kwa zaka zitatu, mpaka kompyutayo inapsa ndi mphezi, kalata iliyonse ya mpingo wathu inkadikira wosesa. Ndinkawaona ndikamapita kusukulu, mlembi wa seshoni ataima pakhonde ndi jekete lawo, anthu ofuna makalata ali pabenchi. NyaLongwe ankatulukira pang'onopang'ono kuchokera kumunda, ndipo Ada Enos ankamuchingamira n'kutsitsa mawu.

"Ama, simupukutako lero?"

"Zinthu zili ndi ndondomeko, Ada," ankayankha, n'kuyamba wasesa bwalo lonse.