Ndinagwetsa Khitchini Mwiniwake Ali Moyo

"Mwamuika kale m'manda mlongo wangayo, alamu? Bwanji osatiitana tidzakumbe nawo?"

Anakuwa choncho mlamu wanga, mlongo wake wa mkazi wanga, ataima pamulu wa udzu wakuda umene ndinaphwasula padenga la khitchini. Njinga yake anangoiponya pansi, gudumu likuzungulirabe. Ine ndinali m'dzenje la matope mpaka m'mawondo, ndikupondera dothi loti mmisiri amangire.

"Tsikani pa udzupo," ndinatero. "Ngati mukufuna kulankhula nane, yambani ndi moni."

"Moni wanji pamaliro?"

"Maliro a ndani?"

"Kafunseni amayi ali kuseri kwa nkhokwewo kuti akulira ndani!"

Sankanama. Kuseri kwa nkhokwe kunali amayi angapo a m'mudzimo, ena atafunda nsalu kumutu, ndipo mmodzi anali atayamba kale kulira mokweza. Mayiyu anadutsa m'mawa akupita kuchigayo. Anaona khitchini ili pansi, mafuwa ali kudzala, mwiniwake ali m'chipatala ku Mitundu, basi anatula thumba n'kuyamba maliro. Mkazi wanga anali moyo. Dzana lake ndinamusiya atakhala tsonga pabedi, mkulu wake akumupesa tsitsi.

Mwambowo ndinkaudziwa, sindine mwana wa m'tauni. Kwathu ndi kuseri kwa Mitundu, ndipo ndili wamng'ono ndinaona nyumba ya azakhali anga ikugwetsedwa titameta maliro awo. Munthu akamwalira amamugwetsera nyumba, ndipo akakhala mayi amamutayira mafuwa. Koma ine sindinkagwetsa za wakufa. Ndinkachotsa chinthu chimene chinkapha munthu wamoyo, ndipo ndinkayesa kuti aliyense wa maso aona kusiyana kwake.

Nthawiyo n'kuti nditangobwera kuchokera ku Joni, matipate atangoyamba, othawa ndi osathawa tonse tikubwerera kwathu. Kumeneko ndinapita paselefu, ndekha popanda wondilemba ntchito, satifiketi ya Fomu 2 ili m'thumba, ndipo sinandithandize kanthu. Ndinakathera kuphika. Zaka zambiri ndinali khukhi wa mayi wina wachizungu, wamasiye, wokalamba, m'nyumba ya pachitunda kumwera kwa Durban, moyang'anana ndi nyanja yamchere.

Khitchini yake inali ndi zenera lalikulu pamwamba pa sinki. Miyezi yozizira kunkadutsa anamgumi. Poyamba umangoona madzi akufwamphukira m'mwamba ngati wina waboola paipi pakati pa nyanja, kenako msana wakuda, wautali kuposa basi, ukutembenuka pang'onopang'ono n'kumira. Nthawi zina ankadutsa mayi ndi mwana, mwanayo akudziponya m'mwamba n'kugwa chagada, phokoso lake n'kutipeza mochedwa, madzi atakhala kale bata. Abwana ankathamangira magalasi awo oonera patali uku akundiitana. Ine magalasi sindinkawafuna, ndinkaonera pasinki pomwepo manja ali m'thovu. Chimene chinkandigwira mtima sichinali kukula kwa zinthuzo, chinali kapumidwe kake. Chimatuluka m'madzi, chimataya mpweya wonse kamodzi, chimakoka wina wodzaza chifuwa, n'kubwerera pansi mosapupuluma.

Sindikunena kuti kunali kokoma. Mchere wa m'mphepo unkadya chilichonse, mahinjesi, mipeni, ngakhale wailesi yanga. Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa galaja, bulangete lili lachinyezi chaka chonse, ndipo ndikaona galimoto ya apolisi ndinkalowa m'sitolo ya munthu ngati ndikugula kanthu. Koma zaka zonsezo ndinaphika osagwetsa msozi ndi utsi.

Ndinakwatira chikamwini, pamudzi wina kumbali ya Nathenje. Tsiku limene ndinafika kuchokera ku Joni ndi sutikesi yanga, mkazi wanga ndinamumva ndisanamuone. Ankatsokomola m'khitchini. Inali khitchini yozungulira, yansichi, yopanda zenera, khomo lake loti ulowe chowerama. Mwaye unkalendewera kudenga ngati ndevu. Nkhuni zinali zitasowa, maesiteti atatha mitengo ndi kuotchera fodya, ndiye ankasonkhera zitsononkho ndi ziputu za fodya zotola m'minda. Amene sananunkhizepo utsi wa ziputu za fodya asandiuze kanthu. Ndinalowamo kamodzi, ndinatuluka ndikutukwana. Iye ankakhalamo kuyambira m'mawa, atawerama pamoto, akuuzira.

Anawonda. M'mudzi aliyense anali ndi yake. Ena ankati ndabwera ndi kaliwondewonde wa ku Joni, chonsecho chifuwacho chinayamba ine ndisanafike. Ena ankati ndinamusempha ndi akazi a kumeneko. Tsiku lina anagwa pachitsime, mpweya ukukana, ndipo ndinamukweza panjinga mpaka ku Mitundu. Anamugoneka. Makhololo anayeza, chifuwa chachikulu sanachipeze. Dokotala, munthu wodekha, anandifunsa ngati amayiwa amasuta. Ndinaseka. Anafunsa kumene amaphikira, ndipo nditamufotokozera anati, "Bambo, akakabwerera mu utsi womwewo mudzabwera nawonso kuno, ndipo ulendo umenewo sindikulonjezani kanthu."

Njerwa ndinali nazo, zimene ndinaotcha kuti ndiwonjezere chipinda. Malata ndinagula pa Nathenje, mmisiri ndinamupezanso pomwepo. Ndinamujambulira pansi ndi kamtengo: chitofu chanjerwa chofika m'chiuno kuti munthu aziphika choimirira, chumuni, ndi zenera lalikulu loyang'ana kudambo. Kudambo kulibe anamgumi, kuli ng'ombe za eni, komabe munthu aziphika akuona kunja.

Mmisiri anayang'ana chojambulacho nthawi yaitali, anati, "Akulu, amayi a kuno amaphika atakhala pansi, phazi litagwira mphika. Koma poti ndi matipate, aliyense aziphika mmene akufunira."

Malo abwino pabwalo anali omwewo pamene panali khitchini yakaleyo. Ndinkafuna kuti mkazi wanga akamatuluka m'chipatala apeze zonse zatha. Sindinafunse munthu. Ndikanafunsa, akanati tidikire atsibweni a mkazi wanga, atsibweni akanati tidikire akadzachira, ndipo akadzachira akanalowanso mu utsi womwewo. Ndinakwera padenga ndekha. Mwaye unandigwera m'maso ndi m'kamwa mpaka ndinkalavula zakuda. Mafuwa ndinawanyamula limodzilimodzi n'kukaponya kudzala.

Zonsezi mlamu wanga sanafune kuzimva.

"Mlongo wanu ali moyo," ndinamuuza. "Ndikumumangira khitchini yoti asafe ndi utsi."

"Utsi! Amayi anaphika m'menemo mpaka mano kutha, utsi sunawaphe. Matenda mwabwera nawo ndinu, lero mukunamizira moto?"

"Bwerezani."

"Ndabwereza. Munakadya zanu ku Joni, mwadzamupatsira, ndiye mwatopa kudikira. Mwayamba kusesa pabwalo kuti winayo adzapeze malata."

Sindikumbuka mmene ndinatulukira m'dzenjemo. Ndikumbuka kolala ya shati yake ili m'manja mwanga, batani likuthothoka, iye akugwera m'matope chagada. Ndinamulumphira. Mmisiri anandigwira m'chiuno, amayi olira aja anasiya maliro n'kuyamba kukuwa zenizeni. Mlamu wanga anadzuka matope ali m'makutu, ndipo sanakuwenso. Analankhula motsitsa, ngati akundiuza mtengo wa fodya.

"Dothi lomwe mwandigwetseramoli ndi la amayi anga. Mlongo wanga akangotsinzina, mutenge sutikesi yanu, malata musiye. Ndipo pitani mukamufotokozere nokha, chifukwa wamva kale. Lero ndi tsiku la msika ku Mitundu, mukuyesa anthu apita ndi tomato yekha?"

Ndinasamba m'miyendo mokha n'kukwera njinga. Msewu wake ndi wafumbi, ndipo njira yonse ndinkakangana naye mumtima, ndikumupambana. Ndinafika dzuwa litapendeka. Mkulu wake wa mkazi wanga, amene ankamudikirira m'chipatalamo, ndinamupeza pakhomo la wodi atanyamula mbale yovundikira. Sanandipatse moni.

"Chimvereni nkhani yanu sanalawe kanthu," anatero. "Ngakhale madzi. Lowani mukaone ntchito yanu."

Anali atagona choyang'ana kukhoma. Mapewa ankakwera ndi kutsika, mpweya ukulira ngati ukudutsa m'bango.

"Amayi, ndabwera."

Ndinasendera pafupi ndi bedi.

"Amayi, anthu akunamizani. Ndikumanga ina, yanjerwa, yamalata, ya zenera. Mukaiona mudzaseka nokha."

"Mwagwetsa?" anafunsa osatembenuka.

"Ndagwetsa, koma tamverani."

"Mafuwa?"

"Ali kudzala. Chitofu chatsopanocho sichifuna mafuwa."

Anatsokomola nthawi yaitali. Atapeza mpweya anati, "Anandiikira ndi amayi, tsiku limene ndinayamba kuphika pandekha. Inu munalipo. Munadya."

"Ndi miyala, amayi! Miyala! Ikupezeka paliponse!"

Wodi yonse inatembenuka. Iye anatembenukanso, koyamba, n'kundiyang'ana. Maso anali ouma.

"Abambo, adokotala anakuuzani chiyani chimene simunandiuze?"

"Anati utsi. Ndakuuzani kale."

"Musandibisire. Munthu sagwetsa khitchini ya mkazi amene akubwerera."

Ndinalumbira. Ndinatchula Mulungu, ndinatchula amayi anga omwalira. Ndinati ndikamuitane dokotalayo adzanene yekha, koma anali ataweruka. Ndinafotokoza za chumuni, mmene utsi umakwerera, ndikujambula ndi chala pabulangete lake, ndipo mawu anga ankangokwera. Iye anandisiya mpaka ndinamaliza.

"Mukanadikira pang'ono," anatero. "Sindichedwa."

Anabwerera kukhoma. Mkulu wake anabwera ndi supuni ya phala, anamugwira paphewa, anamunyengerera ngati mwana. Milomo anaitseka. Ine ndinamenya chitsulo cha bedi ndi chikhatho, ndipo namwino anabwera n'kundipempha kuti nditulukemo. Panja anandiuza mwaulemu kuti mankhwala amene akumupatsa ndi amphamvu, safuna m'mimba mopanda kanthu, ndipo thupi lakelo lilibe pochotsera. Anandifunsa ngati pali chakudya chimene amachikonda. Ndinaphikira mzungu zaka zonse zija, ndinkadziwa ngakhale mmene amafunira dzira lake, koma chimene mkazi wanga amakonda sindinkachidziwa.

Mpaka lero ndimati chimene chinamudya chifuwa mkazi wanga ndi utsi, ndipo amene akufuna kutsutsa abwere tikangane. Khitchini ija inayenera kugwa. Koma tsiku limenelo nkhani siinalinso ya utsi. Mkazi anali atamva kuti kwawo amuchita zimene amachitira akufa, ndipo amene wachita ndi munthu yekhayo amene analankhula ndi dokotala. Iye anangovomera kuti akufa. Mawu anga sakanamudyetsa, ndipo pamene ndinkachulutsa mawu m'pamene ankatsimikiza kuti ndikubisa kanthu.

Ndinafika pamudzi kutayamba kuda. Palibe anandilonjera. Pakhonde la mlamu wanga panali amuna angapo, ndipo anasiya kulankhula mpaka ndinadutsa.

M'mawa mwake ndinatenga khasu n'kupita kudzala. Mafuwa anali atakwiririka ndi udzu wakuda ndi zigulumwa za khoma zimene ndinataya pamwamba pake. Ndinafukula. Awiri ndinawapeza msanga, lachitatu linali litagubudukira m'munsi, nkhumba zitalipaka ndowe. Ndinalitsuka pachitsime amayi otunga madzi akundiyang'ana.

Maziko a khitchini yatsopano anali atazungulira kale malowo, koma pakati pankaonekabe dothi lofiira, lolimba ngati njerwa, pamene moto unayaka zaka zonsezo. Panalinso timaenje titatu. Ndinayesa fuwa lililonse m'kadzenje kake, ndikusinthasintha, mpaka onse anakhala osagwedera. Ndinasonkha moto wa zitsononkho. Ndinagwada, ndinauzira, utsi unandilowa m'maso ndi m'mphuno, ndinatukwana, ndinauziranso. Ndinatenga kapoto ka mkazi wanga kopindika khutu n'kuphika phala lamgaiwa lothira nsinjiro. Chivundikiro sindinaikepo. Ndinkakupizira utsi m'potomo dala ndi chikhatho, chinthu chimene ku Durban akanandichotsera nacho ntchito.

Mmisiri anafika ndi chikwama chake cha zipangizo, anaima pamaziko.

"Nanga chitofu chija, akulu?"

"Mangani makoma. Zenera muike, chumuni muike. Pakatipa musakhudze."

Phalalo ndinalithira m'kontena, ndinakulunga ndi thaulo, ndinamanga pakaliyala ndi malegeni. Ndinapalasa osaima. Kuchipatala mkulu wake anafuna kundilanda kontenayo pakhomo, ndinamukaniza. Ndinakhala m'mphepete mwa bedi n'kutsegula.

"Amayi, mafuwa anu ali pamalo pake. Ili ndaphikira pomwepo."

Ndinasendeza kontenayo pafupi ndi nkhope yake n'kukhala chete, ndipo kukhala chete kumeneko kunandivuta kuposa kufukula dzala. Patapita nthawi mphuno zake zinagwedera. Anatembenuka pang'onopang'ono, ananunkhizanso.

"Mwapsereza," anatero.

"Sindinapsereze. Ndi utsi."

Anatsegula pakamwa. Anameza pang'ono, kenako pang'ono pena, ndipo chifuwa chinamugwira. Anatsokomola mpaka misozi, mkulu wake akumusisita pamsana, bedi lonse likugwedera. Ine ndinagwira supuni ili yodzaza, ndikudikira kuti chifuwacho chimusiye.