Nthungululu mu Holo ya ku Mangalande

Mwana wanga wamkazi anabadwira ku Mangochi, koma tinasamukira ku Mangalande asanayambe sukulu. Atasinkhuka, anzake akamufunsa kwawo ankangoti "ku Africa", mwachangu ngati akumeza mankhwala owawa. Zinkandipweteka, sindinama.

Ndiye kusukulu kwawo anakonza tsiku la zikhalidwe, zamakolo ndi zamakono. Ine ndinati ukavina beni, gule amene malemu bambo anga ankavina ku Makanjira atavala ngati msilikali. Anakana mpaka misozi. Anadzavomera atamva kuti beni ndi wa yunifolomu ndi wezulo, osati zikopa. Koma anandipatsa lamulo: "Amayi, chonde musakalulutire. Kuno sachita zimenezo."

Ha! Mwana wobereka ndekha kundiikira malamulo! Ndinangoti chabwino.

Tsikulo, anzake anavina magule awo amakono oonera pa foni, makolo n'kumaomba m'manja pomaliza, mwaulemu. Kenako ng'oma zathu zinalira pa sipika, iye n'kutulukira, malaya oyera, chipewa cha khaki, wezulo kukamwa. Anayamba bwino, phazi pansi di! di! Koma holo yonse inali zii ngati pamaliro. Eni dziko ankaonerera mwachidwi, ndiwo ulemu wawo, koma beni savinira anthu okhala chete. Ndinaona mapewa ake akugwa, maso akufunafuna khomo. Ndinadziwa kuti akathawa pamenepo, za kwathu sadzazitchulanso.

Lamulo lija ndinaliponda. Ndinaimirira n'kuimba nthungululu yoti ndi ku Makanjira komwe akanaimva. Ndinathamangira kutsogolo, n'kumasula chitenje chomwe ndinamanga pamwamba pa diresi, n'kuchiyala pansi kuti apondepo, monga timachitira wovina akatifika pamtima. Mphunzitsi wina anadzidzimuka mpaka kugwetsa magalasi. Kumbuyo, mayi wina wa ku Somalia amene sitinkadziwana n'komwe anandiyankha ndi nthungululu yake, basi holo yonse inadzuka.

Mwana uja anaima n'kundiyang'ana, ine mumtima n'kuti lero ndapalamula. Kenako anaponda chitenje chija, kuliza wezulo, n'kudumpha ndendende agogo ake. Ndinalira, ndipo sindinabise nkhope.

Tikutuluka, mnzake anamufunsa kuti gule ameneyu ndi wakuti. "Wa ku Makanjira, ku Mangochi," anayankha mokweza. "Kwathu."

Atatero anandikoka dzanja. "Amayi, chaka chamawa musadzachedwe chonchi. Mudzayambe kululutira ndisanatulukire."